Oyimbira basketball ya kusekondale, tisiye zizindikiro zopeka tokha

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndilankhulepo pa nkhani ina imene ambiri akhoza kuiona ngati yaing'ono koma ine yakhala ikundisowetsa mtendere kwa masizoni angapo ndithu. Ndine m'modzi mwa anthu akwathu amene tikukhala kuno ku America, ndipo nyengo ya chisanu ikafika, cha mu Novembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, madzulo ambiri ndikaweruka kuntchito ndimavala malaya a mizere yakuda ndi yoyera aja, wezulo m'khosi, ulendo kukayimbira basketball ya ana a sekondale. Si ntchito yolemeretsa ayi, timangoikonda basi. Nde poti ndimaikonda, zimene ndikuona oyimbira anzanga akuchita ndi manja awo pabwalo zikundiwawa, makamaka poti nanenso ndinazichitapo ndipo ndinaona ndi maso angawa m'mene zinapwetekera mwana wa eni ake.

Kwa amene simutsatira kwambiri masewerowa, malamulo a basketball ya kusekondale kuno amalembedwa ndi bungwe la NFHS, limene likulu lake lili ku Indianapolis ndipo linayamba mu 1920. Malamulo ake amasiyanako ndi a NBA, ligi ya akatswiri ya kuno, komanso a FIBA, bungwe la basketball la dziko lonse, mwachitsanzo kota imodzi kuno imakhala ya mphindi 8 pamene ku FIBA ndi 10, ku NBA 12. M'buku la malamulolo muli tsamba la zithunzi zoonetsa zizindikiro zonse zimene woyimbira amaloledwa kupanga ndi manja. Ukaimba wezulo n'kukweza dzanja chikhatho chotambasula ndiye kuti wotchi iime, wina waphwanya lamulo koma si faulo. Ukakweza chibakera ndiye kuti ndi faulo. Zala zazikulu ziwiri m'mwamba, osewera awiri akanganirana mpira palibe akuusiya. Manja onse m'chiuno, wotchinga watsekereza mnzake molakwika. Kupukusa zibakera patsogolo pa chifuwa, wayenda ndi mpira osaunjanjitsa. Zonsezi mwana wa fomu wani amene wasewerapo sizoni imodzi amazidziwa, agogo ake amene akhala pamwamba penipeni pa mabenchi amazidziwa, ndipo uko ndiye kukoma kwake, sufunika kumva mawu a woyimbira kuti udziwe chimene wagamula.

Koma nde pali zina zimene m'bukumo mulibe olo ufufuze tsamba ndi tsamba, zimene timangotengerana tokha. Wina mwana akatchinga mpira bwinobwino pomwe mnzake akuponya, amawomba m'manja pamwamba kapena kupukuta chikhatho ndi chinzake ati kuwauza anthu kuti wakhudza mpira wokha. Wina amatambasula manja uku ndi uku ngati woyimbira baseball kusonyeza kuti palibe kanthu, pitirizani. Wina amakodola mwana amene wagwa pansi kuti dzuka dzuka. Wina amapinda manja ngati akukwera pamsana pa munthu, wina amaponya dzanja kutsogolo ngati akutola chinthu m'thumba la mnzake. Ukawafunsa amvekere timafuna anthu amvetse. Inenso ndinkatero.

Usiku umene ndinasiya zimenezi ndimaukumbukira bwinobwino. Inali gemu ya atsikana, holo yodzadza, phokoso loti olo mnzako akuwe pafupi sungamve, kota yomaliza kwatsala ngati mphindi imodzi ndi theka ndipo matimu akusiyana ndi mapointi awiri okha. Tinali oyimbira awiri, ine ndinali kunja chakumtunda, mnzanga anali pansi kuseri kwa mzere wa kumapeto. Mtsikana wina wamfupi koma wothamanga kwabasi analowa ndi mpira kufuna kuponya, wamtali wa timu inayo n'kudumpha kuumenya mpirawo mpaka unakagwera kutali. Pamene ndinaima ine ndinaona dzanja pa mpira, loyera bwino, ndipo chifukwa cha chizolowezi manja anga anakwera okha n'kuwomba kawiri pamwamba kusonyeza kuti mpira wokha, palibe faulo. Nthawi yomweyo, sekondi yomweyo, wezulo wa mnzanga analira, chibakera m'mwamba. Iye pansi paja anaona chimene ine sindikanatha kuona, thupi la wamtali uja linamugunda wamfupiyo m'nthiti asanatere pansi. Mnzangayo analondola, vidiyo tinadzaionera limodzi pambuyo pake ndipo faulo inalipo yoonekeratu. Koma tangoganizani chithunzi chimene holo yonse inaona: woyimbira m'modzi akuti palibe kanthu, mnzake akuti faulo, onse avala malaya ofanana.

Faulo imeneyo inali yachisanu kwa mtsikana wamtali uja, ndipo kusekondale ukakwanitsa zisanu watuluka, subwereranso. Kochi wake sanapite kwa mnzanga amene anaimba wezulo, anabwera kwa ine, akuloza manja anga, ati bambo inu mwanena nokha kuti ndi mpira wokha, tonse takuonani, nde mwana wangayu akutulukiranji. Ndinalibe choyankha chogwira mtima chifukwa ankanena zoona, ndinanenadi, osati ndi pakamwa koma ndi manja pamaso pa anthu mazana. Chimene sindidzaiwala ndi mtsikana uja. Sanakalipe, sanaponye chilichonse, anangoyenda kupita ku benchi akundiyang'ana ine, misozi ili mbwee, ngati akudikira kuti ndinene kanthu ndimupulumutse poti ndine amene ndinamupatsa chiyembekezo. Akanangomva wezulo yekha bwenzi atakhumudwa inde koma akanavomereza kuti wachita faulo. Chifukwa cha manja anga anapita kwawo akukhulupirira kuti amubera, ndipo mwina mpaka lero amakhulupirira choncho.

M'chipinda chosinthira zovala mnzanga uja, bambo wachikulire amene wayimbira zaka zambiri kuposa ine, sanandikalipire. Anakhala pa benchi akumasula zingwe za nsapato kwa kanthawi ndithu osayankhula, kenako anangoti, mng'ono wanga, ngati sunaimbe wezulo manja ako alibe choti anene, asiye pansi. Anawonjezera kuti chete wako ndiye chizindikiro chokwanira choti sunaone cholakwa, ndipo chete yemweyo amamusiyira mnzako malo oti agamule zimene waona iye popanda kukutsutsa pagulu. Ndinapita kunyumba ndikusinkhasinkha mawu amenewo njira yonse.

Ndipo mukaiganizira bwino nkhaniyi ili ndi mbali ina imene ambiri sitiiona. Tinene kuti mu kota yoyamba wapanga kachizindikiro koti mpira wokha, anthu aona. Kota yachiwiri zachitikanso chimodzimodzi mbali inayo, sunaimbe wezulo komanso sunapange kachizindikiro kaja, mwina waiwala kapena umathamanga. Kochi wa mbali imeneyo aganiza chani? Aganiza kuti ulendo uno sunali wotsimikiza, kapena faulo unaiona koma wangoisiya dala. Wadziikira wekha ngongole yoti uzifotokoza chilichonse chimene sunaimbe mpaka gemu kutha, ndipo mu basketball matupi amakhudzana pafupifupi nthawi zonse, kukhudzana kwambiri sikukhala faulo, nde uzifotokoza kangati? Tinene chilungamo, zizindikiro zambiri zopekazi sitipangira ana kapena a patebulo olemba zigoli ayi, timapangira ife eni, kudziteteza kuti anthu asatikuwize, kuwatsimikizira kuti ndaona ndaona musandinene. Ndi mantha ovala jekete la kufotokozera. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa chimene chinkachitika mumtima mwanga ndikamawomba m'manja muja.

Tsopano ndifike pa anthu amene ine ndimawamvera chisoni kwambiri, a patebulo. Ku NBA patebulo pamakhala akatswiri olipidwa ndi makompyuta ndi ma TV obwereza chilichonse. Kusekondale wolemba buku la zigoli ndi mafaulo nthawi zambiri amakhala mphunzitsi wa masamu amene wangopemphedwa masana omwewo, kapena kholo lodzipereka, pena mwana wa sukulu wa zaka 16 ndi pensulo yake, ndipo woyendetsa wotchi naye chimodzimodzi. Anthu amenewa anaphunzira tsamba limodzi lija la zithunzi basi. Chilichonse cha masewerowa chinakonzedwa kuti iwowa asasokonezeke, mpaka manambala a pa jezi. Mwina simudziwa kuti kusekondale kuno mwana saloledwa kuvala nambala yokhala ndi 6, 7, 8 kapena 9. Zololedwa ndi 0 kapena 00, 1 mpaka 5, 10 mpaka 15, 20 mpaka 25, choncho mpaka kukafika 55, chifukwa dzanja lili ndi zala zisanu ndipo woyimbira ayenera kuonetsa nambala ndi zala. Kuyambira sizoni ya 2017/2018 timaonetsa ndi manja awiri nthawi imodzi, lamanja nambala yoyamba lamanzere yachiwiri, kuti wa patebulo amene wakuyang'ana awerenge bwino kuchokera kumanzere kwake. Ndiye taonani, anthu anafika poletsa mwana kuvala nambala 7 imene amaikonda n'cholinga choti uthenga wa manja ukhale womveka, kenako iwe woyimbira n'kubwera ndi sitayilo yako yopeka pamwamba pake, si kuwononga ntchito ya anzako kumeneko?

Ndipo cholakwika cha patebulo sichikhala chaching'ono. Faulo ikalembedwa pa mwana wolakwika ndiye kuti wina atuluka msanga wina atsala amene amayenera kutuluka. Kuyambira sizoni ya 2023/2024 lamulo linasintha, timu ikafika mafaulo asanu mu kota imodzi anzawo amayamba kuponya maulere awiri, kuponya kopanda wotchinga, pa faulo iliyonse, ndipo kota ikatha kuwerenga kumayambiranso. Koma ngati faulo wachita ndi wa timu imene ili ndi mpira, maulerewo palibe. Nde wa patebulo ndi makochi onse akuyang'ana manja ako kuti adziwe mtundu wa faulo, iwe n'kupanga zinazake zimene unaona pa TV usiku wathawu.

Pamenepa ndiulule china. Ine zizindikiro zoyamba kuzidziwa zinali za FIBA, bungwe la dziko lonse limene linakhazikitsidwa ku Geneva mu 1932, ndipo manja akazolowera chinthu savuta kubwerera komweko. Ku FIBA ukapingasa mikono patsogolo pa chifuwa ndiye kuti pali kusintha osewera. Ku NFHS kupingasa mikono pamwamba pa mutu ndi faulo yadala, imene chilango chake ndi maulere awiri kuphatikizanso mpira. Tsiku lina m'sizoni yanga yoyamba ndinaimba faulo wamba, ndikupita kukanena patebulo ndinaona mwana akudikira kulowa, mikono yanga n'kupingasa yokha, mwina ndinaikwezanso pang'ono. Kamnyamata kolemba buku kanaimitsa pensulo n'kundifunsa mwaulemu kuti bambo, ndilembe yadala? Bola kanafunsa. Kakanakhala kamanyazi bwenzi katangolemba, ndipo kochi amene anaona mikono ija anali atanyamuka kale pampando. Chizindikiro chimenecho ndi chovomerezeka ndithu, koma kwina, osati pabwalo limenelo. Ndipo zoterezi zilipo zambiri, ku FIBA wosewera amene ali ndi mpira akagunda mnzake umamenya chibakera pa chikhatho, kusekondale kuno umaika dzanja kunkhongo. Kupumira kwa masekondi 30 kuno umagwira mapewa ndi nsonga za zala, kwa masekondi 60 umatambasula mikono zikhatho zili zotsegula, koma ukatambasula mikono yomweyo utakunga zibakera ndiye kuti wanena kuti awiri achitirana faulo. Kusiyana kwake ndi zala zokha basi. M'chinenero chopanikizana chonchi mulibe malo oti aliyense azilowetsamo mawu ake.

China chimene chimandipweteka ndi choti zizindikiro zopeka zimaphunzitsa ana malamulo amene kulibe. Pitani pa gemu iliyonse mukamva makolo akukuwa over the back, over the back, mwana wamtali akangotenga mpira pamwamba pa mutu wa wamfupi. M'buku mulibe faulo ya dzina limenelo. Ngati wamtaliyo wadumpha molunjika n'kutenga mpira osamukankha mnzake palibe chimene walakwa, kutalika si mlandu. Akamukankha ndiye kuti faulo yake ndi kukankha, ndipo chizindikiro chake chilipo kale. Chimodzimodzi ija amati reaching in, kutambasula dzanja kufuna kulanda mpira si kulakwa, kulakwa ndi kumenya kapena kugwira mkono wa mnzako. Ndiye woyimbira akamapanga kachizindikiro kokwera pamsana kaja akutsimikizira holo yonse bodza, mwana wamtali uja amayamba kuopa kudumphira mpira umene ndi wake, kochi wachinyamata amakaphunzitsa zomwezo ku timu ya ana aang'ono, ndipo sabata yamawa woyimbira wina amene akutsata buku ndi amene adzatukwanidwe chifukwa chosaimba faulo imene kulibe. Timasiyirana minga panjira tokhatokha.

Koma choipitsitsa pa zonse kwa ine ndi chija chokodola mwana amene wagwa kuti adzuke. Awa ndi ana a zaka 14, 15, 17, pansi pake ndi matabwa olimba, ndipo iwe uli chithamangire sungadziwe ngati wadzigwetsa dala kapena wamenyetsa mutu. Malamulo omwewa amatiuza kuti mwana akaonetsa zizindikiro zoti wavulala m'mutu, chizungulire, kusokonezeka, kudzandira, timutulutse kaye mpaka a zachipatala amuone. Nde munthu yemwe wapatsidwa udindo umenewo ndi amene akumukodola pagulu kumunena kuti ndi wabodza, mayi ake ali pompo akuonerera. Zodzigwetsa zilipodi sindikukana, ndipo a NFHS anaziona, mu 2024 anaika lamulo loti timu imachenjezedwa kaye mwana akanamizira kuti wachitidwa faulo, ikabwereza ndi technical, faulo ya khalidwe imene imapatsa timu inayo maulere. Njira ilipo tsopano yolembedwa, yokhala ndi chizindikiro chake. Ngati watsimikiza kuti wanamizira tsata imeneyo, ngati sunatsimikize pitiriza kuthamanga diso lili pa mwanayo, manja ali pansi.

Ndikudziwa chimene anzanga ena anene chifukwa timakangana nkhaniyi pafupipafupi tikamasintha zovala. Amati iwe ukufuna tikhale ngati zidole, kuyimbira ndi kulankhulana ndi anthu, kochi akamvetsa chifukwa chimene sunaimbire mtima wake umakhala pansi ndipo gemu imayenda bwino. Mfundo imeneyi ndi yoona mbali yaikulu ndipo sindiipeputsa. Woyimbira wouma ngati chitsa amene sayankha munthu amautsa mkwiyo kuposa amene walakwitsa kamodzi. Koma pakamwa tili napo. Mpira ukaima, pa nthawi ya maulere kapena yopumira, umadutsa pafupi ndi benchi n'kunena motsitsa kuti akochi, pajapa ine ndinaona dzanja pa mpira, mawu ochepa basi, iye wamva, nkhani yathera pa anthu awiri. Ngati unalakwitsa ukhozanso kuvomera pomwepo mwaulemu. Mawu a pakamwa amapita kwa amene wafunsa, pamene manja amapita kwa aliyense, kwa wa patebulo, kwa mnzako woyimbira, kwa ana khumi amene ali m'bwalo, kwa kholo limene likujambula pa foni kuti likaike pa Facebook usiku womwewo. Ndipo ana amasiya kusewera akaona manja a woyimbira akwera, ndaonapo mwana ataima chilili mpira uli m'manja chifukwa anaona mkono wa woyimbira m'mwamba n'kuganiza kuti gemu yaima, mnzake n'kumulanda kukagoletsa.

Musaiwalenso kuti alipo ana osamva amene amasewera mpira umenewu, sukulu zawo zimapikisana ndi sukulu zina bwinobwino, ndipo kwa iwo wezulo alibe ntchito, manja ako ndiwo zonse. Aliponso makolo ambiri obwera kuchokera m'maiko ena ngati ine amene Chingerezi cha kuno chothamanga chija chimawadutsa, koma chibakera m'mwamba amachimva. Okonda mpira wa miyendo mukudziwa nkhani ya makhadi. Pa World Cup ya 1966 England ikusewera ndi Argentina ku Wembley, woyimbira wa ku Germany anatulutsa kaputeni wa Argentina, Antonio Rattín, koma panatenga nthawi yaitali asanachoke m'bwalo, zinenero zosiyana, chisokonezo chokhachokha. Ken Aston wa ku England ndi amene anabwera ndi ganizo la khadi lachikasu ndi lofiira, ndipo anayamba kuwagwiritsa ntchito ku Mexico mu 1970. Mphamvu ya khadi lofiira ndi yoti ndi limodzi dziko lonse. Tangoganizani woyimbira wina atatulutsa khadi lobiriwira la m'thumba mwake ati likutanthauza kuti ndaona koma si faulo, anthu angamuone bwanji? Ife a basketball tikuchita zomwezo ndi manja koma tazolowera nde sitikudabwanso.

Gwero lake si lovuta kulipeza. Anyamata ndi atsikana amene akuyamba kuyimbira amakula akuonera NBA ndi mipira ya m'makoleji pa TV, kumene malamulo ndi ena, zizindikiro ndi zina, ndipo oyimbira ake ena ali ndi sitayilo yawoyawo imene imaoneka bwino pa kamera. Enanso ndi akuluakulu amene amayimbira kukoleji Loweruka n'kubwera kusekondale Lachiwiri osasintha manja, ndipo poti ndi anthu olemekezeka palibe amawadzudzula, achinyamata amangoti ngati akuchita awowa ndiye kuti nzololedwa. Kuno oyimbira akusowa kwambiri, ambiri amasiya pakangopita zaka zochepa chifukwa chotukwanidwa, nde amene amagawa magemu amaopa kudzudzula munthu kuti angathawenso. Ndikumvetsa. Koma wachinyamata amene waphunzira zosakaniza ndi amene amakumana ndi usiku ngati wanga uja msanga, ndipo usiku ngati umenewo ndi umene umathawitsa anthu.

Sindikunena kuti tsamba la zithunzi lija linagwa kumwamba ndipo silingasinthe. James Naismith atayambitsa masewerowa ku Springfield mu 1891 anali ndi malamulo 13 okha, zonse tikuonazi zinabwera pang'onopang'ono anthu akamaona chosowa. Mzere wa mapointi atatu unafika kusekondale mu 1987 ndipo unabwera ndi zizindikiro zake, mkono umodzi m'mwamba mwana akamaponya, iwiri ukalowa. Kupukuta nsonga za zala kuja nakonso kunalowa m'buku koma pa ntchito imodzi yokha, kusonyeza kuti mpira wabwerera kuseri kwa mzere wapakati utakhudzidwa ndi wotchinga nde timu ikhoza kukautenga popanda mlandu, osati kumakupangira pa mpira uliwonse umene watchingidwa. Mu 2021 anachotsa chizindikiro choponya chibakera kutsogolo chimene tinkapanga pa faulo ya timu imene ili ndi mpira, anati tonse tiziika dzanja kunkhongo basi, ndipo ambiri tinadandaula chifukwa chibakera chija chinkamveka mphamvu, koma tinasiya, kupatula ena amene mpaka lero akuchiponyabe. Ndiye ngati muli ndi chizindikiro chimene mukuona kuti n'chothandiza, ndipo zina n'zothandizadi, lembani ganizo lanu lipite kudzera ku bungwe la m'chigawo chanu likafike ku komiti ya malamulo imene imakumana chaka ndi chaka. Likavomerezedwa tonse tidzaliphunzira tsiku limodzi, wa patebulo adzalandira tsamba latsopano, ine ndidzakhala woyamba kulipanga mosangalala.

Kusiya chizolowezi n'kovuta, ndisakunamizeni. Ine zinanditengera pafupifupi sizoni yathunthu. Ndinkaima pagalasi kunyumba buku lili potsegula ndikubwereza chimodzichimodzi, wezulo, chibakera, kuima kaye, kuthamangira pamalo oonekera, kuima nji, mtundu wa jezi, nambala, mtundu wa faulo, chotsatira. Ndinkapempha vidiyo ya gemu iliyonse n'kumaionera mawu nditatseka, kudzifunsa kuti munthu amene sakumva kalikonse angadziwe zimene ndagamula? Poyamba ndinadzipeza ndikugwedeza mutu, kukweza mapewa, kuloza pansi, tinthu tambirimbiri timene sindinkadziwa n'komwe kuti ndimachita. Mpira ukatchingidwa bwino holo n'kuphulika, mpaka pano manja amafuna kukwera, ndimachita kukanikiza zala pa ntchafu ndikuthamanga.

Pempho langa kwa amene amaphunzitsa oyimbira atsopano, kaya ndi a IAABO, bungwe la oyimbira basketball, kaya mabungwe a m'zigawo, ndi loti nkhani ya zizindikiro isamakhale ya mphindi khumi zomaliza anthu atatopa kale, ndipo wamkulu akapanga chopeka muzimuuza chimodzimodzi m'mene mumamuuzira wamng'ono. Kwa makochi, musamatikakamize kuti tionetse ndi manja chifukwa chimene sitinaimbire, funsani mpira ukaima tidzakuyankhani. Ndipo kwa abale anga amene mukuyimbira ana a sukulu kwina kulikonse pansi pa malamulo a FIBA, buku lanu ndi lina koma nkhani ndi yomweyi, tsatani tsamba la buku limene gemu yanu ikuyendera.

Lachisanu likubwerali ndili ndi gemu ya anyamata ndipo andipatsa mnzanga watsopano, mtsikana amene wangoyamba chaka chino, ndinamuonapo kamodzi akuyimbira ana aang'ono ndipo ali ndi diso labwino kwambiri koma amawomba m'manja mpira ukatchingidwa, ndendende m'mene ndinkachitira ine. Tagwirizana kuti tikafike ola lathunthu gemu isanayambe. Ndatenga kale tsamba lija ndaliika m'chikwama pamodzi ndi wezulo, ndipo ndikamufotokozera za mtsikana wamtali uja ndi faulo yake yachisanu.

Ine wanu,
Woyimbira basketball ya kusekondale,
America